Miyala Yomwe Ndinatsuka

Zaka khumi ndi chimodzi ndinagwira ntchito m'nyumba ya bwana wina ku Lilongwe. Kusita ndinkasita, kuphika ndinkaphika, koma mukanandifunsa ntchito yanga ndikanakuuzani kuti ndimasamala nyanja. Nyanjayo inali thanki yagalasi ya pabalaza, ya madzi amchere, kutalika kwake ngati benchi lokhala ana atatu. Munali miyala yobowokabowoka yochokera kunyanja yaikulu, ndipo pamiyala ina panamera tinthu totchedwa makorali, tomwe timatambasuka madzi akakhala bwino, n'kufota akaipa. Munalinso kansomba kamodzi kofiirira, ka mizere itatu yoyera, kosaposa chala changa chapakati. Ndinakadyetsa m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zinayi. Kankandidziwa. Anthu amaseka ndikanena zimenezi, aseke, koma ine ndikayandikira galasi kankabwera, pomwe bwana mwini wake kankamuthawa.

Bwanayo pobwerera kwawo anandisiyira thankiyo, pampu yake, nyali yake, thumba la mchere wapadera lomwe linali litafika theka, ndi kabokosi ka timabotolo toyezera madzi. Anandibwerezera malamulo atatu: osaika padzuwa, osasintha madzi onse nthawi imodzi, ndipo miyala osaitsuka, chifukwa m'mabowo mwake mumakhala tizilombo tosaoneka tomwe timadya zoipa za nsomba. Ndinamuyankha kuti zimenezo akauze ena, ine ndazigwira ndi manja anga zaka zonsezi. Ndinanena ndikumwetulira, manja ali kumbuyo.

Tinasamukira ku Bwanje, kwawo kwa akazi anga, komwe tinali titamanga nyumba. Tinachita hayala kagalimoto kopanda denga kumbuyo. Thanki inafunda mabulangete onse a m'nyumba, miyala inalowa m'zigubu ndi madzi ake, kansomba kanakhala mundowa pamiyendo panga, kutsogolo, pafupi ndi dalaivala. Akazi anga anakhala kumbuyo pamwamba pa matilesi, padzuwa, kuchokera ku Lilongwe mpaka kutsetsereka phiri lonse lotsikira ku Bwanje. Nkhani imeneyi amandikumbutsabe ndikawalakwira.

Magetsi sanandivute kwambiri. Tinali ndi sola ndi batire, ndipo ndinalamula kuti pampu ndiyo yoyamba, wailesi ndi mafoni zidikire. Vuto linali madzi. Ku Lilongwe tinali ndi makina osefera, madzi ankatuluka opanda kalikonse, ine n'kungothiramo mchere wa m'thumba. Kuno makina kunalibe. Koma pafupi ndi nyumba yathu pali mjigo womwe mudzi wonse umaunyoza chifukwa madzi ake ndi amchere. Sopo sachita thovu, tiyi sakoma, amayi amapita kutsidya kwa mtsinje kukatunga akumwa. Ine nditalawa madzi amenewo mtima unagunda ndi chimwemwe.

“Mayi,” ndinatero kwa akazi anga, “mwakhala mukudandaula zaka zonsezi, osadziwa kuti nyanja ili pansi pa mudzi wanu. Imangodikira ine.”

“Chabwino, bambo,” anatero, akupitiriza kusankha mpunga.

Ndinadzaza thanki ndi madzi a pamjigowo, mchere wa m'thumba n'kungowonjezera pang'ono. Ndinadziona wochenjera kuposa bwana uja. Kenako ndinaikoka thankiyo mpaka pawindo loyang'ana kumsewu. Ndinauza akazi anga kuti pamenepo pamapita mphepo, popeza ku Bwanje kumatentha. Zoona zake n'zoti ndinkafuna odutsa panjinga aziona. Munthu ukakhala kwawo kwa mkazi, ndiwe mkamwini ngakhale imvi zitakuta mutu, ndipo ine ndinalibe ng'ombe, ndinalibe munda kusikimu ya mpunga. Ndinali ndi nyanja basi.

Sabata yoyamba anthu anabweradi. Sabata yachiwiri galasi linayamba kuchita fumbi lakhofi, ndikapukuta m'mawa, masana labwerera. Kenako inabwera ndere. Inayamba ngati tiubweya pamwala umodzi, mwezi usanathe inali itakuta miyala yonse, yaitali, yobiriwira, ikuweyuka ndi pampu. Makorali anafota, ena anangotsala timabala toyera. Madzi enieniwo anasanduka obiriwira moti kansomba kankaoneka kokha kakafika pagalasi. Koma kankafikabe. Kankadya bwino, ndipo kanapeza pogona pake m'kati mwa ndere momwemo.

Alamu anga, mchimwene wa akazi anga, amalima mpunga kusikimu. Tsiku lina anaima pawindo nthawi yaitali, khasu lili paphewa.

“Alamu,” anatero, “ndere imakonda zinthu ziwiri, dzuwa ndi chonde. M'ngalande zathu ikachuluka timadziwa kuti feteleza wakokoloka. Madzi a pamjigo apawa sali ndi mchere wokha, muli zambiri. Ndiye mwaiikanso padzuwa.”

Ndinapsa mtima, chifukwa ankanena zoona. Ndinawauza kuti ngalande ndi ngalande, nyanja ndi nyanja, ndipo munthu yemwe sanaonepo korali asamaphunzitse anzake. Anangoseka n'kumapita. Patapita masiku awiri, nditaonetsetsa kuti ali kumunda, ndinachita zonse zomwe ananena. Ndinaichotsa thanki pawindo. Ndinayamba kupalasa njinga kupita kutsidya kukatenga madzi abwino, ine bambo wamkulu pamzere wa amayi ndi zigubu ziwiri. Loweruka lililonse ndinkachotsa ndowa imodzi ya madzi oipa n'kuthira ndowa imodzi ya atsopano, osakaniza bwino ndi mchere wa m'thumba. Ndere ndinkaizula ndi zala, pang'onopang'ono, ina n'kumaipota ndi mswachi wakale. Nyali ndinkayatsa maola ochepa. Ndikayeza ndi timabotolo tija, mtundu unkasonyeza kuti zinthu zikupita kwabwino. Korali mmodzi anatsegulanso. Ndinkadziwa kuti pakufunika miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ntchito yake inali imodzi, kudikira.

Koma mwana wathu wamkazi anali ndi chinkhoswe kumapeto kwa mwezi womwewo.

Pa chinkhoswe bambo wa mwana salankhula. Olankhula ndi ankhoswe, ndipo kumbali yathu nkhoswe wamkulu anali malume ake a mwanayo, alamu anga omwe aja. Iwo ndi amene adzalandire alendo, iwo ndi amene adzapereke thadzi n'kulandira tambala. Ine ntchito yanga inali kuvala suti n'kukhala pampando. Ndinali nditawerengera kale kuti akuchimuna akadzalowa pabalaza kudzadya, adzaona thanki, adzafunsa kuti n'chiyani, ndipo pamenepo ndi pomwe bambo wa mwana adzatsegule pakamwa.

Lachitatu la sabata imeneyo amayi a m'mudzi anabwera kudzathandiza kupeta mpunga ndi kuzira pabwalo. Ndinali kuchipinda, ndipo ndinamva mmodzi akufunsa mnzake pakhomo la pabalaza.

“Nyanja ya abambo ija ndi imeneyi?”

“Ndi yomweyo.”

“Koma achule alimo?”

Anaseka motsitsa mawu, mwaulemu, zomwe zinandipweteka kuposa akanaseka mokweza. Nditatuluka akazi anga anaona nkhope yanga.

“Bambo, tingoifunditsa chitenje tsiku limenelo,” anatero. “Kapena tiinyamulire kuchipinda. Alendo akubwerera mwana, sakubwerera nsomba.”

Ndinawayankha kuti m'nyumba mwanga simufunditsidwa kanthu ngati maliro. Pabwalo ponse anthu ankatsuka. Miphika inkakwechedwa ndi mchenga, makapu ankayanikidwa pathandala, ngakhale mipando ya kutchalitchi yomwe tinabwereka inasambitsidwa. Kwathu kuno alendo akamabwera chilichonse chimatsukidwa, ndipo chinthu chokhacho chauve pakhomo ponse chinali changa.

Sindinganame kuti ndinaiwala lamulo. Ndinkalidziwa pamene ndinkavula malaya, ndinkalidziwa pamene ndinkaika kansomba mundowa. Miyala iwiri yomwe inali ndi makorali amoyo ndinaipatula m'beseni. Yotsala yonse ndinaitulutsa panja, n'kuikwecha ndi mchenga ndi burashi yochapira, bowo lililonse, n'kuitsukuluza ndi madzi ozizira mpaka itayera. Ndinaiyanika pathandala, pambali pa miphika, padzuwa la ku Bwanje la mwezi wotentha. Amayi aja anandiyamikira kuti abambo awa ndi aukhondo. Madzi obiriwira onse ndinawataya kuseri kwa bafa. Ndinapalasa njinga maulendo anayi kukatenga atsopano, ndipo posakaniza ndinakutumula thumba la mchere mpaka kanyenyeswa komaliza. Mumtima ndinkati kamodzi kokha sikangaphe.

Lachinayi thanki inkawala. Miyala yoyera, mchenga woyera, kansomba kofiirira pakati, kooneka kuchokera pakhomo. Ndinaitana akazi anga kuti adzaone. Anayang'ana, kenako anayang'ana ine.

“Si paja munkati miyala satsuka?”

“Zimatengera,” ndinatero.

Lachisanu m'mawa ndinayandikira galasi ndi chakudya, kansomba sikanabwere. Kanali pakona, kakupuma mofulumira. Ndinadziuza kuti katopa ndi kusamutsidwa. Timabotolo toyezera sindinatigwire tsiku limenelo, ndinkati ndatanganidwa ndi mipando.

Loweruka m'mawa, anthu akukoleza moto kuseri, ndinatunga madzi pang'ono m'kabotolo n'kudonthezamo mankhwala. Madzi akakhala abwino amaoneka achikasu. Awa anasanduka obiriwira, obiriwira kwambiri, mtundu womwe pa zaka khumi ndi chimodzi ndinkangouona pakapepala ka m'kabokosi kosonyeza mitundu. Zomwe ndinapha m'mabowo a miyala zinali zikuwola m'madzi, ndipo tizilombo toti tidye zoipazo ndinali nditatiwotcha ndekha pathandala. Mankhwala ake ndinkawadziwa, kusintha madzi msanga. Koma mchere unali utatha. Wa kukhitchini sugwira ntchito imeneyi, ndipo wapaderawo sungaupeze kumsika wa ku Sharpevale kapena ku boma, mwina ku Lilongwe, mwinanso ayi. Ndinaima pamenepo ndi kabotolo m'manja. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo ndikuvomera kuti manyazi ndi amene anali aakulu. Ndinataya madzi a m'kabotolowo pawindo, kabokosi ndinakabisa pansi pa bedi, n'kuvala suti.

Mwambo unayenda bwino. Alamu anga analankhula mwanzeru, anthu anaomba m'manja, mwana wathu anakongola moti amayi ake analira. Ine ndinakhala pampando wanga ndikugwedeza mutu pomwe ena akugwedeza, maganizo onse ali pabalaza. Kawiri ndinadzuka ngati ndikupita kukathandiza kanthu. Ulendo woyamba kansomba kanali pamwamba pa madzi, kukamwa kuli yasa. Ulendo wachiwiri kanali katayamba kupendekeka.

Masana akuluakulu akuchimuna analowa kudzadya. Zinachitika monga momwe ndinalotera. Anaima pakhomo, mbale zili patebulo osaziyang'ana, onse maso pathanki. Asewere anga, bambo ake a mnyamatayo, ndi munthu wachikulire yemwe anagwirapo ntchito kumigodi ku Joni. Anayandikira, anawerama, manja ali pamawondo.

“Asewere, zoterezi ndinaziona kamodzi kokha, kunja,” anatero. “Sindinkadziwa kuti mwana wathu akukwatira pakhomo pa anthu otere. Taonani, yabwera pamwamba kudzatilonjera.”

“Imatero ikaona alendo,” ndinayankha.

Anandifunsa kuti madzi ndimawasamala bwanji kuti ayere chonchi, ndipo ine ndinafotokoza. Ndinafotokoza za mchere, za pampu, za makorali. Ndinafotokozanso, ndi pakamwa panga pomwepa, kuti chinsinsi chake ndi kuleza mtima. Alamu anga anali ataima kumbuyo kwa alendo. Anayang'ana kansomba, anayang'ana ine, ndipo nkhaniyi mpaka lero sanaitchulepo.

Kenako wojambula zithunzi analowa, asewere n'kunena kuti tijambulitse pomwepo, mabanja awiri, nyanja ili kumbuyo. Anthu akukonza makolala ndi mipango, ndinacheuka. Kansomba kanali katasiya kupuma. Madzi a pampu anali atakakankhira kukona ya kumanzere, ndipo kanakakamira pamenepo chagada. Ndinasuntha mapazi awiri n'kuima patsogolo pa kona imeneyo, mapewa nditatambasula. Wojambula anati abambo sunthirani pakati, ndinu eni nyumba. Ndinati pano pali bwino.

Chithunzicho mwana wanga anachikulitsa, n'kutipatsa chili m'felemu, ndipo akazi anga anachipachika pabalaza. Onse akuoneka bwino. Madzi akuwala pakati pa mapewa a anthu, miyala ili mbee. Ine ndili kumapeto kwenikweni, kumanzere, ndipo alendo akachiona amanena kuti pa anthu onsewo amene anamwetulira kwambiri ndine.