Dzanja la Amalume pa Vidiyo ya ku Joni

Mpaka lero ndikamva fungo la mango owola pansi pa mtengo, ndimakumbukira chaka chimene amalume a Fulaisoni anabwera kuchokera ku Joni. Anali achimwene awo a amayi. Anafika ku Domasi mvula yoyamba itangogwa, ali ndi sutikesi imodzi ndi dzanja lamanja lotsala zala ziwiri. Zinazo zinadulidwa ndi makina a kumgodi.

M'sutikesimo munali kaseti yakuda, yaikulu ngati buku la nyimbo, yokulungidwa m'thawulo. Ankati ndi vidiyo ya bandi yawo yoimba nyimbo za chamba cha fanki, yomwe mnzawo anajambula iwo akuimba besi gitala m'holo yodzaza anthu, ngozi isanachitike. Koma kwathu kunalibe choonetsera, choncho palibe anawakhulupirira. Anthu anawapatsa dzina loti Abandi, ndipo ife ana, kupanda nzeru kwathuko, tinkawatsatira kumunda tikuyerekeza kuimba gitala pa mipini ya makasu. Iwo ankangomwetulira, koma zinkawawawa.

Mango atatsala pang'ono kutha, tinamva kuti a Saidi, eni golosale ku Malosa, agula makina oonetsera vidiyo, ndipo avomera kuonetsa kasetiyo Loweruka masana. Tinayenda wapansi m'matope, amalume atavala jekete ngakhale kunkatentha. M'golosalemo anatchinga mazenera ndi masaka, ndipo munkanunkha thukuta, palafini ndi sopo. Chithunzi chinayamba n'kunjenjemera, kenako ng'oma ndi malipenga zinalira, ndi besi imene ndinaimva m'mimba mwenimweni. Panatulukira amuna a tsitsi lalikulu, atavala mabelubotomu, mathalauza otambalala kumapazi amene kuno anali oletsedwa.

Tsoka lake, wojambulayo mtima wake unali pa mayi wina amene ankatsogolera nyimbo. Nkhope ya amalume sinaoneke ngakhale kamodzi. Kumphepete kwa galasi la TV kunkangooneka phewa, gitala ndi dzanja lothamanga pa nsambo. Anthu anayamba kuseka, ndipo wina kumbuyo anafunsa kuti, "Nanga inuyo muli pati, Abandi?"

Amayi, amene sankalankhulalankhula pagulu, anaimirira n'kukaloza chipsera chachikulu pamkono wa woimba gitalayo. "Apa anapsa ndi phala tili ana, ine ndilipo. Dzanja ili ndi la achimwene." Kuseka kunatha. A Saidi anabweza kaseti kuti tionenso, ndipo anthu anatembenukira kwa amalume kudikira kuti apinde mkono wa jekete, chipsera chioneke. Iwo sanapinde. Dzanja linakhalabe m'thumba, maso ali pagalasi.

Ndinabwerera kunyumba wokhumudwa kwambiri. Ndinkaona kuti mnzawo uja anawalakwira, chifukwa vidiyo yopanda nkhope n'njachiyani? Ndinadzazindikira nditakula kuti nkhope ankaiona tsiku lililonse akamameta ndevu. Chimene anali asanachione chichokere kuchipatala cha kumgodi chinali zala zisanu zija, zonse zikugwira ntchito.