Makatani Operewera

Alendo akalowa pabalaza panga, maso awo amayamba agwera pa makatani. Ena amadzigwira, koma achibale sadziwa kudzigwira. "Inu amene munkasokera mabwana, anuanu n'kumalekeza m'malere chonchi?" Ndimangoseka n'kuwafunsa ngati ndiwathirire mkaka mu tiyi. Makataniwo ndi operewera ndithu, sindikana. Pansi pake pamatsala mpata woti mphaka n'kusuzumira. Ndinawasokera mazenera ena, ku Rumphi.

Tinapita kumeneko ndili ndi mwana kumbuyo, amuna anga atatumizidwa kukagwira ukalaliki pa Boma. Kwathu ku Ntcheu anandilira ngati ndikupita kunja kwa dziko. Nyumba ya boma imene anatipatsa inali ya makoma otuwa, simenti yofiira, ndi mipando yamatabwa yolimba ngati ya kutchalitchi. Nyumba zonse mumzerewo zinali chimodzimodzi, moti bambo wochokera kumowa ankatha kukhala pampando wa eni ake n'kuyamba kuitanitsa madzi. Akazi anzanga ochokera ku Zomba, ku Dedza, ku Thyolo, ankakhala ngati ali pasiteji ya basi: mbale zabwino zili m'makatoni, pazenera akhomapo chitenje ndi misomali. Ukawafunsa ankati, "Tikongoletserenji, mayi? Mawa lomweli thiransifa."

Ine zimenezo zinkandinyansa. Ndinali ndi makina opukusa ndi dzanja amene ndinabwera nawo, ndiye ndinakwera basi ya ku Mzuzu, n'kukagula nsalu, n'kusoka makatani ndi makhushoni a nyumba yathu. Mkazi wa wapolisi wina atawaona sanagone tulo. Atatha iye kunabwera mkazi wa mphunzitsi wamkulu, kenako anamwino. Posakhalitsa ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa msika, ndipo ntchito inandikulira.

Apa m'pamene ndinapeza mnzanga. Anali mayi wamasiye wa ku Mlowe, wamkulu kwa ine, amene anatopa ndi kuyanika usipa n'kubwera pa Boma kudzagulitsa mikeka. Manja ake ankadziwa kuyika thonje m'khushoni mpaka khushoniyo n'kuima yokha. Pakamwa pake panalibe chitseko. Ankanditchula kuti mama, ine n'kumati amayi, ndipo tinkakangana kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

Ntchito yathu sinali kusoka kokha. Tinkalowa m'nyumba ya munthu, ine n'kuima pakhomo kaye kuona kumene dzuwa likulowera. Kenako tinkasuntha mipando kuichotsa kukhoma kumene inkandandalika ngati odwala pachipatala, n'kuyala mkeka pakati, n'kuchonderera mayi wa m'nyumbamo kuti makalendala a zaka zakale apume. Chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chokha ndiye sitinkachikhudza, ndipo china chilichonse, ngakhale wotchi, chinkakhala m'munsi mwake. Tsiku lina anatitenga pa galimoto mpaka ku Chelinda, pamwamba pa mapiri a Nyika, kunyumba ya woyang'anira nyama zakutchire, kumene kuzizira kwake kunatichititsa kusokerera mabulangete kuseri kwa makatani. Mnzangayo, munthu wa kunyanja, ananjenjemera njira yonse akunditukwana.

Koma chimene ndinkadziwika nacho chinali mpendero. Katani iliyonse ya wantchito wa boma ndinkaipinda pansi kawiri, mpendero waukulu wobisa nsalu yambiri. Thiransifa ikabwera, mayi akafika ku Mangochi kapena ku Mchinji n'kupeza mazenera aatali, ankangomasula ulusi, katani n'kutsika yokha. Azimayi ankandikonda chifukwa cha zimenezi. Mnzanga yekha ndiye sankaugwirizana nawo mpenderowo.

"Inu anthu a kumwera," ankatero akuluma ulusi, "mumasoka mwendo umodzi uli pa lole. Nyumba yayi iyi, mama. Munthu amene wakhala pansi sabisa nsalu."

Zaka zinapita. Amene tinawapeza anasamutsidwa, amene anabwera pambuyo pathu nawonso anasamutsidwa, ife tili pomwepo ngati boma latiiwala. Ana anga ankayankhula Chitumbuka mpaka m'maloto. Mphepo ya mwezi wa Juni yotsika ku Nyika, imene poyamba inkandiliza, ndinayamba kuidikira. Ndinkadziwa maliro a mbumba iti ndiyenera kupitako ndi ufa, ndiponso mayi uti pamsika amandisungira nyemba zabwino. Sindinanene kwa munthu, koma mtima wanga unali utamasula kale makatoni.

Amuna anga ataona choncho anapeza malo chakumtunda kwa msika, tinaumba njerwa, tinamanga. Mazenera ndinalamula ndine. Ndinauza kalipentala kuti ndikufuna otambalala koma aafupi, oti ndikakhala pampando ndiziona mapiri onse popanda kuona mbuzi za aneba. Anapukusa mutu, koma anapanga.

Nsalu ya makatani ake ndinaisankha mosafulumira, yobiriwira modera, ya timasamba tating'ono. Tsiku loidula tinaiyala patebulo la kushopu, ine n'kuyeza, n'kulemba ndi choko. Dzanja langa, mwa chizolowezi, linawonjezera ya mpendero. Mnzanga anagwira tepi.

"Iyi ndi ya chiyani?"

"Mpendero, amayi."

"Mukupita kuti?"

Anafufuta mzere wangawo ndi chala chonyowetsa ndi malovu, n'kulemba wina pamwamba, pa muyeso weniweni wa zenera. Kenako anandipatsa sizasi. "Dulani apa. Nyumba ndi yanu iyi."

Ndinadula. Sindiiwala kulira kwa sizasi ija pansaluyo, ndi mmene mtima unkagundira ngati ndikuchita chinthu choletsedwa. Zidutswa zimene zinagwa mnzanga anazitola, n'kuzipinda, n'kuziika pashelefu yapamwamba. Titapachika makataniwo anakwanira ndendende, osapitirira, osaperewera. Anaima pakati pa balaza manja ali m'chiuno n'kunena kuti, "Yewo chomene. Tsopano mwafika."

M'nyumba imeneyo tinadyamo Khirisimasi imodzi yokha. Mvula isanathe, amuna anga anabwera masana, nthawi imene sankabwera, n'kukhala pampando osavula jekete. Ndinadziwiratu. Boma linali litatitumiza ku Balaka. Masiku amenewo thiransifa sinkafunsidwa chifukwa, ndipo woifunsa ankadziitanira zina. Ndinakwiya, ndinalira, ndinawanena amuna anga ngati kuti iwo ndiwo boma. Kenako ndinayamba kufunafuna makatoni.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, lole itadzaza, mnzanga anatulukira atanyamula kamtolo. Zinali zidutswa zija.

"Tengani, mama. Ine ndine ndinakudulitsani. Mukalumikize kumeneko."

Nkhope yake sinali ya munthu wokangana nane tsiku limenelo, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Ndinamubwezera kamtoloko m'manja. "Sungani, amayi. Makatani awa ndi a mazenera awa. Bambo akapuma ntchito tibwerera, mudzatithandiza kupachika."

Analandira kamtoloko. "Zikhala pashelefu pomwe paja," anatero.

Ku Balaka mazenera anali aatali, monga ndinkadziwira. Ku Dowa, kumene tinapita pambuyo pake, chimodzimodzi. Nyumba ya ku Rumphi tinaikamo munthu wa lendi, kenako ana atafika ku sekondale tinaigulitsa, tikuuzana kuti tidzamanga ina. Amuna anga atapuma ntchito, abale anati kwanu n'kwanu, ndipo tinabwerera kuno ku Ntcheu. Mnzanga ankatumiza moni kudzera mwa anthu osamutsidwa, nthawi zina ndi kaphukusi ka usipa, ndipo uthenga wake unkathera pamodzimodzi: zidutswa zija zilipo. Ine ndinkayankha kuti chaka chamawa. Kenako kunabwera mphunzitsi wina wochokera kumeneko, amene ndinamufunsa za iye, n'kundiuza kuti anakamuika kwawo ku Mlowe mvula yapitayo.

Ndimamusowa mayi ameneyo. Ndimasowa phokoso lake, ndi fungo la thonje m'kachipinda kaja, ndi mapiri aja odzaza zenera. Ndasoka makatani ambiri chichokereni kumeneko, onse a mpendero waukulu, pakuti dzanja linabwerera ku chizolowezi chake ndipo panalibenso wogwira tepi.

Mwana wanga wamkazi anabwera ndi nsalu mwezi wathawu, yobiriwira, yofananako ndithu. Akuti, "Amayi, ndingolumikiza pansipa, palibe angadziwe." Ndinamuthokoza, nsaluyo ndinasokera makhushoni. M'mawa uliwonse dzuwa limalowera pampata uja n'kugwera pasimenti, ndipo ndimakhala pomwepo ndi tiyi wanga mpaka lichoke. Zidutswa za makataniwa zilipo, zili ku Rumphi, ndipo ndinanena kuti ndidzabwera.