Chitenje Chimene Amayi Anayala pa Chionetsero cha Zovala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaonera koyamba chionetsero cha zovala. Ndaonera zambiri kuchokera pamenepo, koma choyambacho sindikonda kuchikamba.

Tinkakhala ku Biwi, kuseri kwa magalaja, kumene phokoso la okhoma zitsulo limayamba dzuwa lisanatuluke. Amayi anga anali telala. Makina awo opalasa ndi mapazi ankakhala pakhonde, ndipo ankasoka chilichonse: mayunifomu a sukulu, madiresi a chinkhoswe, ngakhale kuika zigamba pa maovololo a amakaniko. Ine ndinali mwana wodzimva. Popeza ndinkakhoza Chingelezi m'kalasi, ndinkaona ngati ku Biwi anangondisungizako, kwathu kwenikweni kuli kwina.

Chaka chimenecho kunayamba kubwera mayi wina wa ku Area 47 amene tinkamutchula kuti Anti Loveness. Ntchito yake inali yojambula masitayelo a zovala papepala, amayi n'kumasoka. Anatiuza kuti mumzinda mukhala sabata yathunthu ya zionetsero za mafashoni, ndipo zovala zake zidzaonetsedwa Loweruka masana. Amayi anasoka madiresi asanu ndi limodzi motsata zojambula zake. Lachisanu ndi chiwiri analiganiza okha. Anatola tizidutswa ta zitenje timene ndinkasesa pakhonde, n'kutilumikiza kamodzikamodzi mpaka panatuluka diresi lalitali lokhwekhwereza pansi. Linawatengera masabata atatu, zala mpaka kutupa. Anti Loveness ataliona anangoti kukamwa yasa, n'kulitenga pamodzi ndi ena aja. Anatipatsa makadi awiri olowera, n'kutiuza kuti tikakhale mipando yakumbuyo.

Lowerukalo amayi anavala diresi lawo la kutchalitchi, pamwamba n'kumanga chitenje chatsopano chimene chinali chisanalowe m'madzi. Tinakwera maminibasi awiri kuti tikafike ku hotela ina ya ku City Centre. M'holomo munali mozizira ngati m'firiji, fungo la perefyumu lili guu. Pakati panali kanjira koyera, kokwera pang'ono, ndipo atsikana aatali ankayendapo mmodzimmodzi, nkhope zili gwa, osayang'ana munthu.

"Kodi awakalipira kuseriko?" amayi anandinong'oneza. "Bwanji onse akwiya?"

Ndinawagunda ndi chigongono kuti akhale chete. Ndinali nditaona kale mmene eni ake a malowo ankachitira. Ankaomba m'manja ndi nsonga za zala, ena akujambula ndi mafoni, ena akulemba m'timabuku chovala chimene chawagwira mtima. Kumanzere kwanga kunakhala mayi wina wa magalasi amene anandifunsa za sukulu m'Chingelezi. Nditamuyankha anati ndine mwana wanzeru, ndipo mutu wanga unakula nthawi yomweyo.

Zovala za Anti Loveness zinafika chakumapeto. Madiresi asanu ndi limodzi aja anadutsa bwinobwino, amayi akungogwedeza mutu ndi kuyang'ana mipendero. Kenako linatulukira la tizidutswa lija. Pa magetsi amenewo linkaoneka ngati silinasokedwe pakhonde pathu. Holo yonse inachita phokoso lapansipansi, mafoni onse m'mwamba. Ndinamva mpando wa amayi ukukhwekhwereka, ndipo ndisanawagwire, nthungululu inali itamveka kale.

Kwathu, munthu akakusangalatsa kwambiri, kaya ndi mkwatibwi, kaya mwana amene wakhoza mayeso, azimayi amamasula chitenje n'kumuyalira pansi kuti apondepo. Ndi ulemu waukulu umene mayi wa ku Biwi angapereke. Amayi anathamangira kutsogolo, anamasula chitenje chawo chatsopano chija, n'kuchiyala pakanjira paja, patsogolo pa mtsikana amene anavala diresilo. Koma mtsikanayo anaphunzitsidwa kuyenda osayang'ana pansi. Chidendene chosongoka cha nsapato yake chinakola nsaluyo, anadzandira, n'kugwa ndi bondo limodzi. Anadzuka mwachangu n'kupitiriza, koma anthu anali atayamba kale kuseka, ndipo mafoni aja anatembenukira kwa amayi.

Alonda awiri anawagwira mikono n'kumawatulutsa. Njira yotulukira inadutsa pafupi ndi mpando wanga. Amayi anaima, akupumira m'mwamba, n'kunena kuti, "Tiyamike, tiye."

Mayi wa magalasi uja anandiyang'ana. Ulendo uno anafunsa m'Chichewa. "Ndi mayi ako amenewa?"

"Ayi," ndinatero. "Ndi antchito a kwathu."

Sindinanong'one. Ndinalankhula momveka, amayi ali mapazi awiri okha kuchokera pamene ndinakhala. Alonda anawakankhira kutsogolo, ine n'kubweza maso kukanjira kuja.

Ndinakhala mpaka pomaliza, ngakhale sindikumbukira chovala china chilichonse. Chimene ndikukumbukira n'chakuti Anti Loveness anatuluka atagwirana dzanja ndi mtsikana wa diresi lija, anthu onse n'kuimirira. Dzina la amayi silinatchulidwe. Ndinafuna kumukwiyira, koma ndikanayambira pati, ine amene ndinali nditangowakana kumene?

Ndinawapeza panja pa geti atakhala pamwala, opanda chitenje, manja atafumbata pamiyendo. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira mokondwa. Iwo anangofunsa kuti, "Mtsikana uja sanavulale?" Ndinati ayi. "Nanga diresi, mpendero sunang'ambike?" Ndinatinso ayi. Ananyamuka, tinayenda kupita pasiteji ya minibasi, ndipo mtima wanga unayamba kukhazikika. Ndinaganiza kuti mwina m'phokoso lija sanamve.

Minibasi yachiwiri, ya ku Biwi, inadzaza msanga. Kondakitala anasuzumira mkati n'kundiloza. "Mayi, mwana wanuyo mum'nyamule pamiyendo, pakhale munthu apo."

"Si mwana wanga uyu, achimwene," amayi anayankha mofatsa. "Ndi abwana anga. Asiyeni akhale pampando."

Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala, kondakitala naye anaseka n'kutseka chitseko. Ine ndinakhala pampandopo mpaka ku Biwi, misozi ikutsika, ndikulakalaka amayi atandikokera pamiyendo pawo. Sananditembenukire ngakhale kamodzi.

Nkhaniyi sanawauze bambo anga, ndipo sanaitchulenso. Anapitiriza kundisokera mayunifomu mpaka ndinamaliza Folomu 4. Ndinapepesa nditakula, ndili ndi mwana wanga kumbuyo. Anaseka n'kunena kuti zimenezo anaiwala kalekale, koma anasintha nkhani mofulumira kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti sanaiwale.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti amayi analakwitsa posadziwa mwambo wa malo aja, ine ndinalakwitsa chifukwa cha ubwana, ndiye tinalakwa tonse. Tsopano ndikuona kuti zolakwa ziwirizi sizifanana. Iwo anasokoneza chionetsero kwa kanthawi kochepa chifukwa chimwemwe chinawakulira, ndipo amene anaseka tsiku lija anaiwala asanafike kwawo. Ine ndinasankha mayi amene sindinkamudziwa ngakhale dzina, amene sindinakumane nayenso, n'kusiya amene anandibereka atuluke okha pakhomo. Alonda aja ankagwira ntchito yawo. Amene anawachititsa manyazi amayi tsiku limenelo ndine.