Kathabwa ka m'buku la agogo

Ndikati ndikumbukire agogo aamuna, limayamba kubwera ndi fungo la utuchi wa mukwa, losakanikirana ndi utsi wa mbaula ya amayi, kwathu ku Kalingalinga. Agogowo anali kalipentala, komanso katekisiti wa tchalitchi chathu. Pa alumali, pamwamba pa misomali, pankakhala buku lonenepa limene wansembe wina anawasiyira. Analilemba wansembe wa ku Ulaya, katswiri wa zaumulungu. Agogo ankaliwerenga masana, chala chikukwawa ngati nyerere.

Kuseri kwathu kunkakhala amake Mabvuto, ophika kachasu. M'tchalitchi sanapondemo chibadwire, koma theka la ana a mumsewu mwathu anabadwira m'manja mwawo, ine ndemwe. Mayiwo atamwalira, apampando a mphakati anabwera agogo ali mkati mopala matabwa.

"Ba katekisiti, bokosi pangani, ni nchito yanu. Koma mukapemphelela uja wachikunja, ukatekisiti muiwale."

"Mwana wanu wachisamba anamulandira ndani?" anafunsa agogo.

"Ivo ni vina!"

Agogo anatsitsa buku lija, nalipukuta utuchi. "Mkulu uyu akuti chisomo cha Mulungu chimagwira ntchito ngakhale mwa munthu amene sanaphunzire dzina lake. Ine ndinakhala nacho chisomocho mpanda umodzi."

Kumanda anapemphera okha, ife ana tikuyankha "Amen". Lamulungu lotsatira anakhala pa benchi yakumbuyo, wina akuphunzitsa m'malo mwawo. Udindowo sanawabwezerenso, ndipo sindinawamve akudandaula.

Chaka chatha mdzukulu wanga Tamara, amene ali ku yunivesite, anati akulemba za wansembe wa ku Ulaya uja, mlembi wa bukulo, ndipo aphunzitsi akuluakulu akukanganabe za zimene ankatanthauza. Ndinatulutsa bukulo m'sutukesi. Linatseguka lokha pamene agogo anasiya kathabwa kopyapyala. Mwanayo anawerenga, nandiyang'ana.

"Ambuya, iyi ndiye peji yamene tikangana! Munaidziwa bwanji?"

"Iwe, ine zilembo ndi nyerere chabe," ndinatero. "Tsamba limenelo ndinaliona likuyenda kupita kumanda, litanyamula bokosi."

Buku ndinampatsa, kathabwa ndinasunga. Mpaka lero ndikamva kulira mumsewu mwathu, sindifunsa kuti malemuwo anali a mpingo uti. Ndimangomanga chitenje.