Kachitsulo ka a Lucious ndi Mphini Zake

Malemu alamu athu a Lucious, amuna awo a achemwali athu a Ida, sankadutsa chinthu chakale osachigwira. Ntchito yawo inali yokankha odwala pa chipatala china ku South Bend, koma likakwana Loweruka ankadraiva mpaka ku Beech Grove, kumene azungu amayala katundu wakale pakhomo. Kumeneko ndiye anakagula kachitsulo kakuda, kozungulira, koboola pakati, kokhala ndi timizere tochekacheka m'mbali mwa bowolo.

Anakaika pa shelefu pabalaza. Nkhani inavuta tsiku limene amayi a mapemphero anabwera kunyumba. Mtsogoleri wawo, mayi Magdalene, atangokaona anasuntha mpando.

"A Ida, amuna anu ayamba liti kusunga zinthu zotema mphini?"

Posakhalitsa mbiri inafika mpaka kwa anthu akwathu a ku Indianapolis, ati a Lucious ali ndi chithumwa, n'chifukwa chake ntchito siwathera. Kutchalitchi anawauza kuti ayambe apuma pa udikoni. Achemwali athu a Ida analira.

"Bambo a Upile, kaponyeni mumtsinje chinthuchi. Dzina lanu lithere chitsulo?"

"Ndikataya ndiye kuti ndavomera mlandu," anatero a Lucious. "Mphini satema pachitsulo. Izi munthu anachita kulemba, ndipo wowerenga alipo."

Anayamba kuyenda nako m'thumba la yunifolomu, kuonetsa aliyense. Wina ati n'ka sitovu, wina ati n'ka Amwenye. Tsiku lina akukankha bambo wina wachikulire wa ku Japan pa njinga ya odwala kupita kokajambulitsa, anakatulutsanso. Bamboyo anapempha magalasi ake. Anati kachitsuloko kamakhala pa lupanga, pamene pathera chigwiriro, kuti kaziteteza dzanja. Timizere ta kumanja ndi dera limene wosula ankakhala, ta kumanzere ndi dzina lake.

A Lucious anaimika njinga pakhonde pomwepo. Ati bamboyo awaphunzitse kamzere kalikonse, poyambira pake ndi pothera pake. Mpaka nesi anachita kubwera kudzawakalipira.

Lamlungu anapempha kulankhula pamaso pa mpingo, kachitsulo kali m'manja.

"Amene anapanga aka anali wosula, ngati bambo anga ku Dedza. Iwo khasu lililonse ankalidinda chizindikiro, kuti likathyoka mudziwe kokadandaula. Apa akuti kwawo. Apa akuti dzina. Mayi Magdalene, bwerani tiwerengere limodzi, sikaluma."

Mayi Magdalene anabwera pang'onopang'ono, n'kukalandira dzanja atalikulunga mpango.

"Nanga osatiuza kale bwanji, achimwene?"

"Munandifunsa? Inu munafunsa ku Indianapolis."

Anthu anaseka, ndi mayi Magdalene omwe, ngakhale mpangowo sanauchotse. Tsiku lomwelo akulu a mpingo anawabwezera makiyi a tchalitchi. Ndi iwo ankatsekula chitseko Lamlungu lililonse, chisanu kaya dzuwa, mpaka matenda a impso atawatenga chaka chathachi.