Tsiku Limene Ndinati "Iwe" kwa Amalume a Thoko

Ntchito yanga yoyamba ku Perth, ku Australia, anandipezera mnzanga amene ankayendetsa galimoto yoperekera katundu ku Malaga, dera lina la mumzindamo. Anati pali malo ophunzirira kuwombera mfuti, akufuna munthu wosesa. Ine ndinangoti apa pali chinyengo basi. Mzungu angapatse Mmalawi wongofika kumene makiyi a nyumba yodzaza mfuti? Ndinapitabe, poti lendi ya ku Midland komwe ndinkakhala siinkadikira kuti ndiyambe ndakhulupirira anthu.

Bwana wa pamalopo anali Gary, munthu wosaseka, wa maso ngati akuwerenga zolakwa zako. Ndinayamba ndi kusesa makoko a zipolopolo, kupukuta magalasi ndi zotseka m'makutu, kenako kutsuka mipope ya mfuti ndi burashi ndi mafuta. Patapita nthawi anandiphunzitsa, mapepala anga a chilolezo n'kutuluka, ndinayamba kuima kumbuyo kwa alendo odzayesa kuwombera. Malamulo a Gary anali ochepa. Mfuti sapatsirana m'manja, umaiika pathebulo ili yotsegula. Kukamwa kwake kuziyang'ana kutsogolo nthawi zonse. Ndipo pa volovolo yamphamvu, mlendo umamuikira chipolopolo chimodzi chokha, kaya alire.

Panali kavolovolo kena kopepuka, ka mabowo asanu pa silinda yozungulira yoikamo zipolopolo, koma kodya zipolopolo zaukali. Alendo ankakakonda poganiza kuti kakang'ono n'kofatsa. Bodza! Mfuti yolemera imameza yokha mphamvu ya onga. Yopepuka ilibe pomezera, mphamvu yonse imabwerera m'dzanja lako, mpope n'kudumphira m'mwamba. Munthu akadzidzimuka chala chimafinyanso thiriga, kachitsulo kowombera kaja, osadziwa, apo mfuti ikuloza kudenga kapena pamutu pake.

Nthawi imeneyo ndinali pachibwenzi ndi Thoko, namwino wa ku Chipata, ndipo nkhani yathu inali m'manja mwa amalume ake, a Tembo a ku Rockingham, mkulu wa mpingo. Iwo akanati ayi, ukwati panalibe. Ku tchalitchi anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti mnyamata uja amagwira ntchito ya mfuti, kaya mfuti zake n'zotani.

Ndiye Loweruka lina ndikungoona a Tembo akulowa, jekete ndi tayi. Akuti ana awo anawagulira tikiti yodzawombera ngati mphatso ya tsiku lobadwa. Aaa, ine mwana? Malo owomberera alipo kufupi ndi kwawo, iwo n'kudutsa mzinda wonse kudzagwera pamzere wanga? Ndinadziwa kuti abwera kudzandiyeza.

"Nifuna kaja kang'ono," anatero akuloza kavolovolo kaja. "Ine n'nali wapolisi zaka zambiri, mwana wanga. Uikemo zonse zisanu."

Upolisiwo sindinaukhulupirire, kapena ngati unalipo unali wa mfuti zazitali zoika paphewa. Ndinati, "Pepani bambo, kuno timayamba ndi chimodzi." Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi. Kuseri kwa galasi nakonso Gary ankandiyang'ana, atakwinya nkhope, poti Chinyanja sankamva ndipo ankakayika kuti mwina tikupangana zophwanya lamulo. Ndinali pakati ngati nyama ya m'mbale ya anthu awiri.

Ndinawaonetsa kagwiridwe mfuti ili yopanda kanthu. Dzanja lamanja ligwire m'mwamba mwa chigwiriro, molimba. Lamanzere likute zala za lamanja, chala chachikulu chikhale kutali ndi mpata wa kutsogolo kwa silinda, poti pamatuluka moto wong'amba khungu. Zigongono zipindike pang'ono, thupi liweramire kutsogolo, thiriga muikoke pang'onopang'ono osaizula. Iwo ankangoti, "Niziba, niziba."

Atatambasula manja kuti ndiwapatse, ine ndinaiika pathebulo. Munthu wamkulu kumuikira chinthu pansi ngati galu! Ndinaona nsagwada zawo zikulimba. Anaikamo chipolopolo chimodzi chimene ndinawaikira pathebulopo, n'kutseka silinda, n'kukweza mfuti. Apo m'pamene ndinaona dzanja lamanzere latsetsereka, lakagwira pamkono wamanja, momwe timagwirira tikamalandira chinthu mwaulemu kwathu. Dzanja limapita lokha kumeneko, tinakula nazo. Koma pa volovolo kugwira kotero n'chimodzimodzi kuwombera ndi dzanja limodzi.

Ndinayamba, "Pepani bambo, mwina mukanati mubwezeko pang'ono dzanja lanu la..." Ulemu wathu ndi wautali, ndipo iwo anali atavala zotseka m'makutu.

Phuu! Kavolovolo kanadumpha, mpope n'kufika pafupi ndi khutu lawo. Ndinaona ndi maso angawa chala chikufinyanso, hamala yomenya chipolopolo n'kugwa pabowo lopanda kanthu. Zikanakhala zisanu zija, sindifuna n'kuganiza komwe. Kenako, atasokonezeka, anayamba kutembenuka thupi lonse kuti andiyang'ane, mfuti ili m'manja, kukamwa kwake kukuzungulira kumene kunali mayi wina ndi mwamuna wake pamzere woyandikana. Kuti ndi yopanda kanthu ndinkadziwa, koma pantchito iyi palibe mfuti yopanda kanthu.

"Iwe! Ima pomwepo! Ika pansi!"

Ndinawagwira mkono n'kuwukankhira kutsogolo mwamphamvu, tayi n'kupotoka. Mawu aja anatuluka okha. Iwe. Kwa mkulu wa mpingo, amalume a mkazi amene ndinkamufuna. Mtima unagwa, ndinangoti Thoko wapita.

Gary analowa, n'kutenga mfuti, n'kuitsegula. Anandifunsa kuti ndakuwa chiyani. Nditamasulira anangoti, "Ukanayamba ndi mawu amenewo."

A Tembo anakhala pabenchi panja akupukusa dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera patafiira. Ndinawabweretsera madzi oundana, ndinawapatsa ndi manja awiri, nditagwada ndithu, alendo achizungu akundidabwa. Sanandiyang'ane.

"Unanitcha iwe."

"Inde bambo."

"Pa anthu."

"Inde bambo. Ndipo mukadzatembenukanso ndi mfuti ndidzabwereza."

Sindidziwa chimene chinandilankhulitsa zimenezo, mwina mantha anali asanathe. Anaimirira, anakonza tayi, napita osatsanzika. Sabata yonse Thoko ankandifunsa chimene ndawachita amalume ake, poti ankangoti akuganiza kaye. Ine kudya kunandikanika.

Lamlungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, anandiitanira pambali pa galimoto yawo. "Uuze akwanu aniimbire foni," anatero. "Koma ku nyumba kwanga, wonena 'iwe' ni ine."

Chimene ndinatola pa ntchito ija n'chakuti pali malo ena pomwe ulemu wautali umapha munthu, ndipo mlendo aliyense, kaya wavala tayi kaya akuti anali wapolisi, ndimamuikira chimodzi. Koma kunena zoona, mpaka lero akandiyang'ana tikudya pa Khirisimasi, ana anga ali pamiyendo pawo, ndimakayikabe ngati tsiku lija anatembenuka mwangozi.