Kavalo amadumpha, amalume

Amalume, lero mwana wanga wandidyera bishopu pogwiritsa ntchito kavalo pa masewera a tchesi, ndipo mkwiyo wandibwerera. Ndakumbuka masana aja ku Chapananga, pansi pa bwemba, nthawi ya chipani chimodzi. Pabolodi panatsala mafumu, tiasilikali tochepa, bishopu wanu ndi kavalo wanga. Munati, "Bishopu wangayu amayenda pa timabokosi toyera tokha. Khala pakuda, sangakukhudze. Ndale nazonso n'chimodzimodzi, ukazitalikira sizikukhudza."

Munandinamiza, amalume! Anthu a boma aja sankayenda ngati bishopu. Atamva miseche ya mnansi wathu, anadumpha mpanda ngati kavalo, n'kukuponyani m'galimoto masewera asanathe. Palibe amene anatiuza kumene munafera, ngakhale manda sitinawaone. Ine ndinali nditasuntha kale kavalo wanga. Mpaka lero ndikudikira inu kuti musunthe.